Lipenga Lopanda Mabatani

Misa yonse imatenga maola awiri, koma lipenga la Bronwen Laidlaw limamveka m'nyimbo imodzi yokha, mphindi zosakwana zisanu. Linali lipenga lamkuwa lachikale, lopindidwa ngati nkhata, lopanda mabatani. Mawu onse, otsika ndi okwera omwe, ankachokera pamilomo basi, ndipo Bronwen anali ataliliza zaka makumi awiri.

Chaka chatha anadzuka m'mawa wina mbali ya kumanzere ya nkhope itazizira. Tiyi ankatayikira pachibwano. Adokotala anati mtsempha wafooka, koma mphamvu zibwerera pang'onopang'ono. Zinabwereradi, koma osati zonse. Miyezi isanu ndi itatu anaphunziranso kuliza lipenga ali yekha m'galaja kwawo ku Launceston, mpaka anatulukira kuti akalisendezera kumanja, kumene mlomo unali wolimba, mawu amatuluka bwino. Koma akadziyang'ana pagalasi ankaona nkhalamba yosuta kaliwo.

Tsopano gulu lawo la zoimbaimba linali m'tchalitchi chamiyala m'tauni yaing'ono ya Ross, kutali ndi phokoso la magalimoto, kujambula mawu a Misa yakalekale ija ndi zoimbira za nthawi yake. Nyimbo ya Bronwen inafika Lachinayi m'mawa. Oimba ake anali ochepa: iyeyo, awiri oliza zitoliro zazikulu zamatabwa, wa limba, ndi Tevita Moala, woimba besi wa ku zilumba za Tonga, mnzake kuyambira kusukulu ya zoimbaimba. Kwaya yonse inaima mowazungulira, chifukwa nyimbo yotsatira imalowa pompo popanda kupuma.

Nyali yofiira yosonyeza kuti kujambula kwayamba itayaka, Gareth Nikolaidis, wotsogolera gululo, anakweza dzanja. Bronwen anaona maso onse aja ndipo anaika lipenga pakati pa milomo monga kale. Liwu loyamba linatuluka. Lachiwiri, lokwera lija, linasweka ngati la tambala wachimfine. Anabwereza, chimodzimodzi. Pofika kachisanu mlomo unali kunjenjemera.

"Musadandaule, Bronwen," anatero Gareth. "Titola tizidutswa tabwino n'kulumikiza. Womvera sangadziwe. Tiyeni tipume kaye."

Ananena mokoma mtima, ndipo n'zimene zinamupweteka kwambiri. Anatuluka n'kukakhala pampanda wamiyala kuseri kwa tchalitchi, mphepo yozizira ikumulasa m'makutu. Posakhalitsa Tevita anamupeza, atanyamula makapu awiri a tiyi.

"Iwe mlongo, wandiimbitsa kasanu. Ukufuna mmero wangawu uthere pano?"

"Pepa."

"Pepa wa chiyani? Ndinakuona m'mawa muja ukuyeserera m'chipinda cha ansembe. Lipenga linali apa," analoza cha kumbali kwa kamwa lake, "ndipo linkalira bwinobwino. Talowa m'kati, walibwezera pakati. Bwanji?"

Bronwen anayang'ana nkhosa zimene zinkadya msipu kutsidya kwa msewu.

"Ndimaoneka ngati chitsiru."

"Nanga kale unkaoneka bwanji? Nkhope psuu, maso tong'o. Chikudziwire ine, sunakongolepo ukuliza chimkuwa chakocho. Komanso maikolofoni ilibe maso."

Bronwen anaseka, mbali imodzi ya kamwa ikutsalira m'mbuyo.

"A kwayawo ali nawo maso."

"Amene aja? Aliyense mtima uli m'mwamba ndi nyimbo yawo yothamanga ija. Angakhale ndi nthawi yoyang'ana mlomo wako? Imwa tiyi, tizipita."

Atabwerera m'kati, Bronwen anapita kwa Gareth.

"Ndikupempha tiyesenso kamodzi, nyimbo yonse, osadula."

Gareth anayang'ana wotchi, kenako n'kuvomera ndi mutu.

Nyali inayakanso. Bronwen anasendezera lipenga kumanja. Mmodzi wa oliza zitoliro anamuponyera diso n'kubwerera papepala lake, basi. Liwu loyamba linatuluka, lachiwiri linakwera n'kukhazikika pamalo pake, loyera. Tevita analowa pansi pake ndi mawu ake akuya, zitoliro zikung'ung'udza pambali, ndipo Bronwen anaiwala za nkhope yake. Ankangowerenga, kupuma, n'kumutsatira mnzakeyo. Chakumapeto liwu limodzi linatuluka lokhakhala pang'ono, koma sanaime. Atangomaliza, kwaya inalowa mwamphamvu pamodzi ndi ng'oma ndi malipenga ena atatu, tchalitchi chonse n'kudzaza. Iye anatsitsa lipenga lake pamiyendo.

Pambuyo pake anapanikizana m'kachipinda ka makina kumvetsera zimene ajambula. Wojambula mawu anaimitsa pa liwu lokhakhala lija.

"Apa tibwereze?"

"Mlomo watopa," anatero Bronwen. "Ngati n'kofunika, mawa."

Gareth anapempha kuti amvenso. Anamvetsera atatsinzina, dzanja likuyenda lokha m'malere.

"Isiyeni choncho," anatero. "Tikaidula pamenepa tiononga mpweya wake wonse." Kenako anatembenukira kwa Bronwen. "Mwezi wa Malichi tikaimba Misa yomweyi ku Adelaide, masiku awiri, pamaso pa anthu. Mulipo?"

Bronwen anakhudza mlomo wake ndi chala. Unali wotupa, ukutentha.

"Ndilembeni," anatero.

Apo m'pamene anazindikira kuti chidzukire sanadye kanthu. Anapita kuholo ya mpingo kumene amayi a m'tauniyo anawaikira chakudya, n'kupeza Tevita atakhala patebulo ndi mbale ziwiri, imodzi ataivundikira ndi kansalu.

"Fulumira," anatero Tevita. "Mbale yakoyi ndayamba kale kuiganizira."