Moni Wautali wa Bambo Yoramu

Bambo Yoramu anagwira ntchito ku njanji mpaka kupuma, ndipo ku Rugare, kumene ankakhala pakati pa anthu olankhula Chishona, ankadziwika ndi zinthu ziwiri: dimba la repu kuseri kwa nyumba, ndi moni wosatha. Chimene chinkawasowetsa mtendere chinali adzukulu. Ukawafunsa kuti "Mwadzuka bwanji?" ankayankha m'Chishona, ena n'kungoseka. Choncho anapempha abusa kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi kuti Loweruka aziphunzitsiramo ana Chichewa. Abusa anavomera, koma anachenjeza kuti mwezi ukatha ana osabwera, kachipindako apatsa a kwaya, amene ankakasirira kalekale.

Pofuna kuitana makolo, Bambo Yoramu anavala jekete, anapemphera, n'kujambula vidiyo yoika pa gulu la mpingo la pa WhatsApp. Anayamba monga munthu woleredwa bwino amayambira. Anapereka ulemu kwa abusa ndi mayi busa, kwa akulu a mpingo mmodzimmodzi, kwa abale a ku Lochinvar ndi a ku Budiriro. Anafunsanso za mwendo wa Bambo Custodio, mkulu wa bungwe la maliro. Nkhani ya sukulu inabwera kumapeto kwenikweni, kumene sikunafike munthu. Loweruka kunabwera adzukulu awo okha, nawonso ochita kukokedwa.

"Baba, vidiyo yanu ndi sitima ya malasha," anatero Desmond, mkamwini wawo, amene ankagulitsa mafoni m'tauni. "Munthu amaona mabogi awiri n'kutopa. Anthu a masiku ano amafuna kuwadzidzimutsa. Bweretsani foniyo."

Desmond anaika patsogolo pa vidiyo ija chithunzi cha apongozi ake chopanda mtundu, pambali pake kandulo, pansi pake nyimbo yoziziritsa mtima.

"Kodi chimenechi sichikuoneka ngati cha maliro?" anafunsa Bambo Yoramu.

"Ndiye nyambo yake. Akatsegula, apeza muli moyo, mukulankhula za sukulu."

Koma palibe anadikira kuti alankhule. Anthu anangoona kandulo n'kutumiza kwa anzawo.

M'mawa mwake Bambo Yoramu ali kuseri kuthirira repu, anamva kulira pageti. Anaika kheni pansi poganiza kuti kwa aneba kwagwa zovuta. Atatulukira kumaso anapeza amayi a mpingo atamanga zitenje, mabulangete ali pamutu, ndipo Bambo Custodio akutsitsa tenti pa ngolo. Kulira kunadukira pakati.

"Inu," anatero Bambo Custodio, akutsimphina kubwerera m'mbuyo. "Si inu tabwerera?"

"Ndine ndithu. Nanga mwendowo uli bwanji?"

"Musandifunse za mwendo. Tenti iyi tiitani?"

Ena anaseka mpaka kukhala pansi. Koma Mayi Lidia, mlongo wawo wa ku Budiriro, amene amadwala kuthamanga kwa magazi, sanaseke. Anali atalira njira yonse m'kombi, minibasi ya kumeneko, ndipo anthu anachita kumugwirizira pomukhazika pakhonde. Bambo Yoramu anagwada pambali pake n'kupepesa, manyazi atawagwira. Desmond anali atakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi kasitomala m'tauni.

Anthu atabalalika, Bambo Yoramu anaona kuti pabwalo panali posesedwa bwino. Mayi Mazvita, neba wawo wa Chishona, anali atasesa kuti olira apeze pokhala. Pakhomo anasiyapo kabichi amene anabweretsera anamfedwa, osamutenganso. Bambo Yoramu anamuyang'ana kabichiyo kwa kanthawi, n'kuthokoza Mulungu chamumtima.

Amene anatsala anali Mayi Adelaide, mphunzitsi wa ku pulayimale, amene amayendetsa tsamba la sukulu yawo pa Facebook.

"Bambo, anthu lero mwawapeza, koma mwawapeza ndi bodza," anatero mofatsa. "Mawa mukatumiza china, adzati ndi uja anamwalira dzulo. Kodi kwenikweni mumafuna kunena chiyani?"

"Kuti ana abwere Loweruka adzaphunzire Chichewa."

"Mwaona? Mwanena ndi mpweya umodzi. Muyambe ndi mawu omwewo. Munthu wa pafoni ali ngati wokwera kombi, akumva ali chiimire. Vidiyo ikhale yaifupi, nkhope yanu iyang'ane kumene kukuchokera kuwala, ndipo muwaonetse kanthu, osangolankhula. Muwafunse funso, ndipo akayankha, inunso muwayankhe. Pansi tilembe m'Chishona kuti ana amve."

Bambo Yoramu anapukusa mutu. "Kuyamba nkhani osapereka ulemu? Bambo anga adandiphunzitsa kuti munthu salowa m'nyumba ya eni osaodira."

"Odirani kamodzi. 'Moni nonse' n'kuodira komweko. Mayina aja muwasunge, muziwatchula kumapeto, atatu okha pa vidiyo iliyonse."

Anajambula masana omwewo, Mayi Adelaide atagwira foni. Bambo Yoramu ananyamula lichero la akazi awo.

"Moni nonse. Ndili moyo, ndipo ndapepesa. Adzukulu anga chinthu ichi amati rusero. Mufunse mwana wanu dzina lake la Chichewa, mulembe pansipa zimene wayankha. Akalephera, mubwere naye Loweruka m'mawa kuseri kwa tchalitchi." Anapuma pang'ono, milomo ikuyabwa, n'kumalizira ndi mayina atatu.

Mayankho anayamba kugwa ngati matalala. Wina analemba kuti mwana wake wati ndi mbale ya agogo. Wina anati wake wati ndi chipewa. Bambo Yoramu ankayankha aliyense, akulemba ndi chala chimodzi, magalasi ali pamphuno. Kenaka kunabwera uthenga wa Bambo Custodio: "Ndaonera mpaka kumapeto kawiri. Dzina langa mulibe."

"Dikirani ya mawa," anayankha Bambo Yoramu.

Kuyambira pamenepo akulu a mpingo ankaonera vidiyo iliyonse mpaka ithe, aliyense akudikira kumva dzina lake, ndipo wotchulidwa ankaitumiza kwa abale ake onse.

Loweruka kachipinda kaja kanadzaza, ana ena kukhala pa mawindo. Mkulu wa kwaya anasuzumira pakhomo, anaona chigulu cha anacho, n'kupita kukatenga benchi ya kwaya kuti ana akhalepo. Bambo Yoramu anaima kutsogolo, anakonza jekete, n'kutsegula pakamwa kuti ayambe ndi abusa. Kumbuyo, Mayi Adelaide anakhosomola.

"Moni nonse," anatero Bambo Yoramu, n'kukweza lichero.

Phunziro: Pojambula vidiyo ya pa intaneti, yambani ndi chimene mukufuna kunena, chifupikitseni, funsani anthu ndipo muwayankhe. Musakole anthu ndi bodza. Likhoza kudzaza pabwalo panu tsiku limodzi, koma limavulaza okukondani, ndipo mawa sadzakukhulupirirani.