Thovu Pagalasi la Wometa

Chinsinsicho chinaululika ndi fungo. Make Kapitao ataweruka kuntchito yake yosita zovala, ananyamula mwana wake n'kumva timanja take tikununkhira sopo wometera ndevu. M'nyumbamo munalibe mwamuna. Nanga sopoyo anachokera kuti?

Kapitao sankalankhula, ndipo phokoso laling'ono lomwe ena salimva n'komwe linkamulowa m'mutu ngati misomali. Dzinalo anamupatsa chifukwa chokonda kundandalika zinthu, masupuni, nsapato, zotsekera mabotolo, n'kumaziyendera manja ali kumbuyo ngati akuyang'anira antchito. Sukulu yapafupi inali itavomera kumulandira Lolemba, koma aphunzitsi aakulu anati lamulo ndi limodzi kwa onse: tsitsi limetedwe. Apa ndiye panali nkhani. Ulendo womaliza kukameta amuna awiri anachita kumupanikiza pampando, mwana analira mpaka mawu kutha, ndipo kwa nthawi yaitali sankalola kukhudzidwa ngakhale ndi mayi ake. Make analumbira kuti zimenezo sizidzachitikanso, sukulu ikapita ipite.

Atafunsa mng'ono wake, yemwe ankatsala ndi mwanayo masana, mtsikanayo anangoyang'ana zikhadabo zake n'kunena kuti sopo ndi sopo basi. Make anangoti mumtima: ameneyu wapeza chibwenzi, ndipo akumapitako ndi mwana wanga.

Lachisanu anapempha kuweruka msanga, nabisala kuseri kwa galimoto yakufa yomwe inali pakona. Posakhalitsa awiriwo anatulukira. Anawatsata chapatali. Pafupi ndi owotcherera zitsulo mng'ono wake anawolotsa mwanayo msewu asanayambe n'kutseka makutu komwe, kenako anakhota n'kulowa pakhomo lobiriwira la wometa. Make anasendera pafupi mofulumira.

Anasuzumira pawindo. Munalibe kasitomala, wailesi inali yozimitsa. Wometayo ankamudziwa: mnyamata wamtali wa tsitsi lambiri losamalidwa bwino, lomwe atsikana a mumsewumo ankaliimba ngati nyimbo. Ankabwera ndi malaya ake oyera kuti asitidwe, n'kuima pakauntala ngati waiwala chomwe amafuna kunena.

Wometa anapopera thovu pagalasi lonse. Kapitao anaika chala n'kuyamba kulemba misewu, ina yowongoka, ina yokhotakhota, nkhope yake ikuonekera pang'onopang'ono m'mizeremo. Atatopa anandandalika zipeso kuyambira chaching'ono mpaka chachikulu. Kenako anatenga kabotolo kopopera madzi, nathirira duwa la pawindo, nadzipoperanso pamkono, n'kuseka. Make anali asanamuonepo akusekera madzi omugwera pakhungu.

Ndiye wometa anatsegula kabati n'kutulutsa makina ometera.

Make sanadziwe kuti chitseko anachikankha bwanji. Anangozindikira waima pakati pa makinawo ndi mwana wake.

"Achemwali, khalani pansi," anatero mng'ono wake, osadzidzimuka n'komwe. "Mukusokoneza ofesi ya Kapitao."

Wometa anafotokoza ndi mawu otsika, maso ali pansi. Anati mtsikanayo ndiye anabwera kudzafunsa nzeru. Poyamba mwanayo ankangoima pakhomo, ndipo iye ankamusiya aime. Thovu ndi limene linamulowetsa. Makina anayamba kuwagwira ali ozimitsa, kenako oyatsa koma okulungidwa m'thawulo, akungolira ngati mphaka wokhuta. Dzulo lake mwanayo anameta bulashi yakale mpaka kuisiya mpala.

"Nanga akakana?" anafunsa make.

"Akakana tasiya, amake Kapitao. Muno bwana ndi iyeyu. Koma sakana, muona."

Atatero anakhala pansi penipeni, pasimenti, nayatsa makina, nawapereka kwa mwanayo, n'kuweramitsa mutu. Kapitao anawagwira ndi manja awiri, nalima msewu waukulu kuchokera pamphumi mpaka kunkhongo. Tsitsi lotchuka lija linagwa ngati thonje lakuda. Mng'ono wa make uja anadzigwira pakamwa, misozi ya phwete ikutsika, n'kunong'ona kuti mawa mumsewumo mugwa maliro.

Kapitao anazungulira mutuwo manja ali kumbuyo, kuyendera ntchito yake. Zikuoneka kuti inamukhutiritsa, chifukwa anamukankha wometayo kuti asunthe, iye n'kukhala pamalo omwewo. Koma wometa atatambasula dzanja kuti atenge makina, mwanayo anawabisa pachifuwa.



Kenako Kapitao anakoka dzanja la mayi ake, nawafumbatitsa makinawo, n'kuweramitsa mutu ndendende ngati mmene anachitira wometa.

Make anali asanametepo munthu. Ankangosendeza makinawo n'kuwabweza mpaka dzanja lina, lofunda, lonunkhira sopo uja, linabwera pamwamba pa lake.

"Pang'onopang'ono," anatero wometa chapansipansi. "Ngati mukusita kolala."

Kolala ndiye ankaidziwa. Dzanja linakhazikika, tsitsi lopotana linayamba kugwera pamapewa ang'onowo, ndipo Kapitao ankalitola n'kumalindandalika pabondo. Mbali imodzi itatha anadzuka, osayang'ana aliyense, n'kubwerera kuthovu lake. Palibe anamuletsa. Wometa anazimitsa makina n'kunena kuti kwa lero zakwana, Loweruka lilipo, Lamlungu liliponso, Lolemba mutu udzakhala utayera.

Make anayang'ana wometayo, msewu uli pakati pamutu, ndipo kwa nthawi yoyamba sanathawitse maso. Mng'ono wake, akusesa tsitsi la anthu awiriwo pamodzi, anafunsa mokweza ngati achemwali ake anazindikirapo kuti malaya oyera aja amabwera ali ositasita kale.

Anali atazindikira kalekale, koma chimenecho chinali chinsinsi chake.

"Iwe mawa upume," anauza mng'ono wake. "Ndibwera naye ndekha."