Madzi a Saniye

Perihan, mlongo wake wa malemu mwamuna wanga, anandipatsa kakhadi ka ku hotela ndi manja awiri, nkhope ili mwee.

"Alamu, mawa ndi tsiku lanu," anatero. "Hotela yatsopano ija ya ku akasupe otentha. Akakukhulani, akakuthirani thovu, akakutikitani thupi lonse ndi mafuta. Tasonkherana tonse, ndiye musayerekeze kukana."

Ndinayang'ana kakhadiko. Panali chithunzi cha mtsikana atagona chafufumimba, timiyala takuda tili ndanda kumsana. Abale inu, ine Nezahat, imvi zili mbuu, ndikagone ndi miyala kumsana ngati denga la khola loopa mphepo?

"Nanga hamamu yathu, nyumba yosambiramo ya kumsika ija, inagwa?" ndinafunsa.

"Aaa, alamu, kumene kuja n'kwa ife amphawi. Makoma ndere zokhazokha, azimayi phokoso ngati ku mpira. Inu munazolowera za ku Beljiyamu."

Za ku Beljiyamu! Moyo wanga wonse ndatha ndikukolopa makalasi a ana a eni, ndiye ndinazolowera chiyani, ndowa? Koma ndinangoti zikomo, n'kuika kakhadiko m'chikwama.

Mwamuna wanga Rasim anamwalira mu Januwale. Tinabwera naye kuno ku Sandıklı pa ndege, iye pansi pamodzi ndi masutikesi, ine pamwamba. Tinamuika m'manda chipale chofewa chikugwa, ndipo patangotha sabata ndinabwerera ku Beljiyamu chifukwa cha ntchito. Kwathu kuno, pakapita masiku makumi anayi, azimayi apachibale ndi oyandikana nawo nyumba amabwera kudzatenga namfedwa. Amapita naye ku hamamu, amamukhazika pakati, amamuthira madzi, amamusambitsa ngati khanda. Kuyambira tsiku limenelo akhoza kuseka mokweza, kupita ku ukwati, kudzola utoto wofiira wa hina m'manja. Madzi amenewo sudzithira wekha. Ndipo supempha, chifukwa wopempha amamunena kuti watopa msanga kulira mwamuna wake.

Masiku anga makumi anayi anandikwanira ndili m'katauni momwe anthu a kwathu tinalipo awiri basi, ine ndi Rasim. Mpongozi wanga, mzungu amene anakwatiwa ndi mwana wanga Orhan, anabwera ndi maluwa ndi nambala ya foni ya dokotala wa maganizo. Ndi mwana wabwino, sindimunena. Koma palibe anagogoda pakhomo atanyamula sopo.

Ndiye tchuthi ichi cha mu Julaye sindinabwerere dzuwa ayi. Ndinabwerera madzi amenewo. Masabata awiri m'nyumba mwa Perihan ndinkadzuka m'mawa uliwonse ndikuti mwina lero. Anandidyetsa mpaka siketi kukana, ananditengera kukaona damu latsopano, koma za hamamu zii. Mpango wanga wakuda anauona, inde. "Azungu zakuda amazikonda, eti alamu? Zikukukhalani bwino."

Tsiku la kakhadi lija litakwana, mwamuna wa Perihan anakanditula pakhomo pa hotela n'kuthamangira ku shopu yake. Mtsikana wolandira alendo anandipatsa moni m'Chingerezi.

"Mwanawe," ndinatero, "ine ndinabadwira kuseri kwa phiri ukuliona pawindopo. Lankhula zomveka."

"Pepani, madamu."

Madamu! Anandipatsa mkanjo woyera ndi masilipasi opepuka ngati pepala, n'kunditsogolera pansi. M'denga munkatuluka kulira kwa mbalame, koma mbalame yeniyeni panalibe. Hamamu yawo inali yokongola, bodza n'loipa. Mwala wosalala woyera, mipope yonyezimira, nthunzi yonunkhira. Mukanakwana azimayi makumi atatu ndi ana awo ndi mapoto awo. Munali ine ndekha. Ndinatsokomola, chifuwa changa chomwe n'kundiyankha kuchokera kukhoma.

Wondikhula anali mayi wamsinkhu ndithu, wamanja ngati a mwamuna, dzina lake Maral. Malankhulidwe ake anali achilendo. Ndinamufunsa kwawo, anati ku Turkmenistan, ndipo ana ake awiri anawasiya ndi amayi ake. Anandigoneka pa mwala wotentha wapakati, anavala kathumba kokhulira kudzanja, n'kuyamba ntchito. Litsiro linkagudubuzika ngati tizingwe.

"Mwakhalitsa osakhulidwa kumsana," anatero.

"Wondikhula anapita."

Kaya anamva, kaya sanamve. Anaviika nsalu m'sopo, anaikupiza mpaka inafufuma, n'kundifinyira thovu thupi lonse mpaka ndinasowa. M'kati mwa thovumo manja ake anandigwira m'mapewa. Chimwalirireni Rasim, palibe munthu anali atandigwirapo kupitirira moni wa padzanja. Ndinalira, ine amene kumanda sindinagwetse msozi pamaso pa anthu. Ndinalira mamina ndi thovu kusakanikirana.

"Sopo walowa m'maso? Pepani, madamu."

"Eya, sopo," ndinatero.

Atadzaza mbale kuti anditsukuluze, mtima unandiuza kuti, muuze, mawu ake ndi ochepa, akhoza kungobwereza pambuyo pako. Ndinatsegula pakamwa. Koma ndinamuona akuponya diso pa wotchi ya pakhoma, poti kunja kunali wina akudikira. Ndipo madzi olipira ndi madzi olipira basi. Anandithira, anandipukuta, ananditengera m'kachipinda kamdima komwe ananditikita ndi mafuta. Chala chake chinapeza mfundo pansi pa phewa, anaikanda mpaka ndinatchula mayi anga. Zinandikomera, ndisaname. Thupi linapepuka ngati la mtsikana. Koma m'chifuwamu katundu anali yemwe uja.

Anandikhazika pa mpando wogonera, tiyi wa maapozi ali pambali. Uku ndi uku kunali mabanja, mwamuna ndi mkazi atavala mikanjo yofanana, aliyense maso pa foni yake. Ndinasungulumwa kuposa mmene ndimasungulumwira m'khitchini mwanga ku Beljiyamu, chifukwa kumene kuja ndimadziwa kuti ndili kutali. Chakudya chamasana chinali cholipiridwa kale, koma ndinavala n'kutuluka, ndinakwera minibasi yobwerera m'tauni.

Ndinatsikira pamsika. Sindinakonze zopita ku hamamu yakale, miyendo ndiyo inanditengera. Ndinati ndikangokhalako pang'ono, ndimve phokoso la anthu. Pakhomo la azimayi panakhala gogo wonenepa akuluka sokosi.

"Lero yatengedwa yonse, madamu. Mubwere mawa." Kenaka anatsitsa magalasi. "Taimani kaye. Mphuno iyi ndi ya a Halil osoka nsapato. Nezahat! Iwe chitsiru, wakalamba chonchi liti?"

Anali mayi Makbule, amene ankatikalipira tili ana tikamathamanga pa mwala wonyowa. Ndinawapsompsona dzanja n'kuligunditsa pamphumi panga. Mtima unachita kuti myaa.

"Wachedwa bwanji? Anzako onse ali m'katimu, ndi mlamu wako yemwe."

"Perihan ali muno?"

"Nanga akanakhala kuti? Lero tikusambitsa Saniye. Mwamuna wake uja wa mabasi anatisiya mwezi wathawu. Sanakuuze?"

Saniye tinkakhala benchi imodzi ku sukulu, tinkabera limodzi zipatso za matcheri za aphunzitsi. Mayi Makbule anandiponyera nsalu yosambira ndi nkhwayira zamatabwa. Ndinavula, ndinadzikulunga, ndinakankha chitseko cholemera chija.

Phokoso linandimenya kumaso pamodzi ndi nthunzi. Mbale zamkuwa ngwee ngwee m'mabeseni amwala, madzi khwaa, wina akukalipira mnzake kuti wamutengera malo. Pakona panali mitanga yophimba, fungo la masamba a mphesa okulungamo mpunga likutuluka. Pa mwala wapakati panakhala mayi wamng'ono thupi, mutu uli zyoli, tsitsi likadali louma.

Perihan anandiona. Mbale inamupulumuka n'kugudubuzika mpaka pamapazi panga.

"Alamu! Mukutani kuno? Zakuvutani ku hotela?" Anathamanga n'kundigwira mkono, akulankhula motsitsa. "Musatikwiyire. Tinachita dala kukusankhirani lero. Mwabwera kudzapuma, ndiye tinati tisakutoseni pachilonda. Zanu zinatha kale, muzioneranjinso za anzanu?"

"Zinatha kale?"

"Nanga si anakusambitsani komweko? Amati ku Beljiyamu a kwathu ndi ambirimbiri, mpaka ali ndi mizikiti yawo."

Ali ndi mizikiti, inde, kumizinda ikuluikulu komwe ine ndimapitako kamodzi pachaka. Mawu anali palilime penipeni: palibe anandisambitsa, Perihan, palibe ndi mmodzi yemwe. Koma phokoso linali litazilala, maso onse ali pa ife. Ndikanena pamenepo, ndiye kuti ndapempha. Komanso Perihan akanatuluka muno ali mkazi amene anasiya mkazi wa mlongo wake osasamba theka la chaka, n'kumugulira thovu la ku hotela. Tauni ino siiwala. Ndinapsa mtima, ndinamumveranso chisoni, zonse nthawi imodzi.

"Taonani khungu lake likuwala!" anakuwa mayi wina kumbuyo. "Atikita ndi mafuta a ndalama ameneyo. Ife tikukhulana ndi sopo wa pamsika!"

Onse anaseka. Inenso ndinaonetsa mano.

Mayi Makbule anali atalowa, akupuma mwawefuwefu. Anaomba m'manja. "Basi, basi, madzi akuzizira. Woyamba kuthira ndani? Amayamba ndi namfedwa amene anasambitsidwa kale, mukudziwa. A Hacer, amene amayamba masiku onse, agona ndi nyamakazi." Anayang'ana uku ndi uku, maso n'kuima pa ine. "Si uyu Mulungu watitumizira? Mnzake wa pa ubwana, komanso zake n'zaposachedwa. Nezahat, tola mbaleyo."

Saniye anadzutsa mutu. Nkhope inali itatha, maso atalowa m'kati.

"Nezahat? Ndiwe?" anatero. "Thira iweyo, mnzanga. Ena ayi."

Ndikanakana bwanji? Ndinatola mbale ya Perihan, ndinatunga m'beseni, ndinayesa madziwo ndi chigongono monga ankachitira mayi anga. Ndinaima kumbuyo kwake n'kuthira pang'onopang'ono pakati pa mutu. Tsitsi lake linada n'kumamatira m'khosi.

"Walira mokwanira, Saniye," ndinatero. "Wapita wapita, Mulungu amuchitire chifundo. Mutu wako ukhale wamoyo. Bwerera kwa ife."

Mawu amenewo ndinali nditawanena kambirimbiri m'bafa mwanga, pakamwa pokha, osatulutsa liwu. Anatuluka bwinobwino, osaphonya ndi limodzi lomwe. Azimayi anavomera amini. Ndinathira kachiwiri, kachitatu. Saniye anayamba kugwedezeka mapewa, kenaka analira mokweza, kulira kotsiriza kuja, azimayi n'kumuzungulira. Wina anamugwira dzanja, wina phazi, wina akumupaka sopo m'mutu. Ine ndinagwada n'kumukhula kumsana. Unali msana waung'ono, mafupa okhaokha.

Anatembenuka n'kundigwira pamkono zolimba. Anayandikitsa pakamwa pake kukhutu kwanga kuti ena asamve.

"Undiuze zoona, iwe sunama. Zimachokadi? Usiku sindigona, ndimangomva makiyi ake pakhomo. Iwe atakusambitsa zinachoka?"

Anandiyang'ana ngati mwana wofunsa ngati jakisoni amawawa. Pamenepo m'pamene ndinazindikira chimene ndinali nditachita. Madzi ake oyamba anathira ndi munthu amene sanatulukemo. Ndikadzaulula, kaya lero, kaya chaka chamawa, adzanena kuti Saniye anasambitsidwa ndi namfedwa mnzake, madzi ake sanagwire, ndipo iye mwini adzakhulupirira. Khomo limene ndinabwerera ulendo wonsewu ndinali nditalitseka ndi dzanja langa.

"Zimachoka," ndinatero. "Osati lero lomwe, koma zimachoka. Udzagona."

Anapumira m'mwamba, n'kutsamira mutu wake wonyowa paphewa panga. Kenaka anamunyamula kupita naye kuchipinda chozizira, anamukulunga m'mathawulo, anamumanga mpango watsopano wamaluwa ofiira. Mitanga inavundukulidwa, mabotolo a zoziziritsa kukhosi akuphulika. Wina anayamba kuimba mbale ngati ng'oma. Posakhalitsa ndinamva Saniye akuseka, kuseka kwa mano otalikirana kuja kwa ku sukulu.

Ine ndinatsalira m'chipinda chotentha, pa beseni la pakona. Perihan anasuzumira pachitseko, pakamwa pali chakudya.

"Alamu, bwerani, zikutha! Kapena ndikukhuleni kaye kumsana?"

Mbale inali m'manja mwanga, yodzaza. Akanangoilandira n'kundithira. Iye ankatafuna, akudikira yankho.

"Andikhula kale," ndinatero. "Pita ukadye, ndikubwera."