Chobiriwira cha mu Impso za a Wilisoni

Tamasulani ichi: kanthu kochepa ngati njere ya mpunga kanapita ku tauni kofiira, n'kubwerako kobiriwira. Mwagonja eti? Ndi kachidutswa ka impso ya a Wilisoni, kamene adokotala anatapa ndi singano kuti akakapime. Mwini wake anatisiya, chithunzi cha kachidutswako n'kutsala.

Tsiku lometa, chithunzicho chinatuluka m'chikwama cha Getrude, mkazi wamng'ono wa ku Kachulu. Mayi Elenala, mkazi wamkulu, anachiyang'anitsitsa. Zaka makumi atatu akuchapa malaya onunkha matemba, mapepala a kuchipatala n'kukasungitsa kwa kamtsikana kadzulodzuloka?

"Lloyd, iwe ndiwe wa kuchipatala. Tatiwerengera," anatero Elenala.

Lloyd, mwana wa mlongo wa malemu, anatsokomola kaye nakweza pepalalo m'mwamba. Panali timizere tobiriwira, towala ngati ziphaniphani.

"Izi ine ndimaziona tsiku ndi tsiku, madokotala akasowa chonena amafunsa ine. Kubiriwiraku ndi masamba. Amalume ankadyetsedwa kondaine, ndiye waunjikana mu impso."

"Sindinanene ine?" Elenala anadzuka, chala chili pa Getrude. "Wandiphera mwamuna, iwe! Kumanda kwake usadzapondeko!"

Getrude anangogwira pakamwa, misozi ili chuchuchu.

Koma Mwanabibi, mayi ake a Lloyd, anali atakhala kumbuyo kwa pepalalo.

"Tabweretsa kuno, iwe. Kuseriku achimwene analembako ndi pensulo."

Anawerenga pang'onopang'ono: "Adokotala akuti chobiriwiracho ndi utoto wawo, umamatira pa asilikali a m'thupi kuti aoneke. Asilikali angawo asokonezeka, aunjikana mu sefa ya impso n'kuiwononga. Palibe wandidyetsa kanthu, Getrude musamuvute. Pepalali sindinampatse Elenala chifukwa amalira msanga, ndipo akalira ine sindidya."

Elenala anakhala pansi, nayamba kusalaza chitenje pa maondo.

"Zimenezotu ndi zomwe ndimati ndifikeko," anatero Lloyd. "M'chizungu chathu cha kuchipatala..."

"Dikira, dokotala, watsala mzere umodzi." Mwanabibi anayandikitsa pepala kumaso. "Lloyd asakuwerengereni. Ndili ku wodi ndinkamuona m'mawa uliwonse, amakolopa bwino kwabasi."

Chiseko chinaphulika pa siwa, azimayi mpaka kugwerana. Elenala anabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka. Lloyd anati akukaona ngati njinga yake ili ndi mpweya.