Mafuta a Tsitsi Pachiwongolero

Musakawauze achemwali kuti ndakuuzani, koma iii, nkhani iyi singandikhale m'mimba!

Amalume agula galimoto yatsopano, yofiira psuu, mipando ikadali m'mapulasitiki. Amaipukuta kuposa nkhope yawo. Ndiye Lamlungu anandiitana: "Iwe Kamlomo, ukaitsuka bwino, mawa ndikakutula kusukulu. Ukhala kutsogolo."

Kutsogolo! M'kalasi mwathutu muli mtsikana wina, timamutcha Madamu, amabwera pagalimoto n'kumatiyang'ana ngati nsanza. Ndinkafuna andione ndikutsika.

Ndinatenga ndowa, sopo ndi kansalu kofewa. Malamulo a amalume ndiye ambirimbiri: yambira padenga, matayala pomaliza, nsalu ikagwa pansi ichape kaye, mchenga umakanda penti. Ndinatsuka ndikuimba, uku ndikudziyang'anira pachitseko.

Amalume atangolowa m'nyumba, achemwali anatulukira. Iwotu amaluka tsitsi kusaluni, ndiye kwa iwo chinthu chosawala n'chodwala.

"Kunjaku wayesetsa, koma m'katimu muli mbuu," anatero. "Tasuntha, mwana iwe."

Anatulutsa botolo la mafuta amene amapopera m'mutu mwa makasitomala. Psii pachiwongolero, psii pagiya, psii paliponse. Munawala inu! Tinavina awiriwiri pabwalo.

M'mawa ndinakhala kutsogolo, yunifomu yositasita. Amalume kugwira chiwongolero, manja tereree. Kugwira giya, tereree. Ananunkhiza chikhatho.

"Bwanji galimoto yanga ikununkhira ngati mkwatibwi?"

Apo n'kuti achemwali atazemba kale. Ine kuseka, misozi chuchuchu!

"Ukusekanso? Katenge madzi ofunda ndi sopo!"

Tinapukuta, kupukutanso, mafuta osatha. Amalume akuti sayendetsa mpaka chiwongolero chiume, angatigwetsere m'ngalande. Dzuwa nalo likungokwera.

Tinafika kusukulu belu litalira kalekale. Pabwalo pali zii, aliyense m'kalasi. Ondiona anali alonda apageti okha, nawonso akusinza.

"Amalume, chonde, lizani hutala!"

"Wapenga eti?"

"Kamodzi kokha, amalume anga abwino!"

Anapukusa mutu, koma analiza. Piiii! Mitu mbwee m'mawindo, Madamu pakatikati, kukamwa kuli yasa. Ndinatsika pang'onopang'ono, n'kukonza siketi, n'kutseka chitseko mwaulemu ngati yanga.

Aphunzitsi anandipatsa tsache, akuti kuchedwa kuphatikizapo phokoso. Ndinasesa khonde lonse mano ali pamtunda. Pa buleki Madamu anabwera yekha kudzandifunsa ngati m'galimoto muja muli wailesi.