Akuti Ali Bwino

Sitiroko inawagwira bambo ali pantchito, pakati pa chiganizo. Anali womasulira wa kukhoti, munthu wa ziyankhulo zinayi, ndipo tsiku limenelo ankamasulira umboni wa mayi wina amene anaberedwa mbuzi. Anangoti duu, pepala linagwa, mwendo wakumanja n'kupindika wokha. Atatsitsimuka kuchipatala, dzanja lamanja linali lende, pakamwa patapotokera mbali imodzi, ndipo pa mawu onse amene anadyetsa nawo banja kwa zaka makumi atatu panangotsala "ta-ta-ta" basi.

Mkazi wawo anali telala, ndipo tisabise, anali mayi wonyada. Kunyada kwake konse kunali amuna akewo. Malaya awo ankasita yekha mpaka kolala kuima njo, ndipo makasitomala obwera kudzayesa madiresi ankachoka atamva mbiri ya bambo, afune asafune. "Oweruza amadikira iwo kuti atsegule pakamwa," ankatero, mapini ali kukamwa. Tsopano bambo omwewo ankawapukuta dovu ndi kansalu. Mtima unkamuwawa koopsa, ndipo posowa woti amukalipire, ankangopsera mtima aliyense.

Asanatuluke m'chipatala, adokotala anawatumiza ku kachipinda kakumapeto kwa khonde, kwa katswiri wothandiza anthu ovutika kulankhula. Mayiyu ankayembekezera munthu wa imvi. Anapeza mtsikana wa msinkhu wa mwana wake, atakhala patebulo la makadi a zithunzi, kalilole wamng'ono, ndi ubongo wapulasitiki wotseguka pakati.

"Mayi, taonani apa," anatero katswiriyo, akuloza pa ubongowo. "Mtsempha wamagazi unatsekeka mbali yakumanzere iyi, pamene pamakonzedwa mawu asanafike pa lilime. Vutoli timalitcha afeziya. Nzeru za bambo zilipo. Akukudziwani, akukumbukira, ndipo zambiri zimene tikukambazi akumva. Chawonongeka ndi njira yotulutsira mawu."

"Ndiye mankhwala ake ndi ati?"

"Kuyeserera tsiku ndi tsiku. Ubongo umatha kulambula njira zina, makamaka miyezi yoyambirira ino. Muzibwera nawo kawiri pa mlungu. Kunyumba mukawafunsa kanthu, muzidikira, ngakhale atenge nthawi. Chonde musamawayankhire."

Kenako anatembenukira kwa bambo n'kukweza khadi la chithunzi cha kapu. "Bambo, ichi n'chiyani?"

Bambo anachiyang'ana. Milomo inagwedera, mitsempha ya m'khosi inatuluka, thukuta linalengeza pachipumi. "Ta... ta-ta." Katswiriyo anagwedeza mutu mowalimbitsa mtima n'kukweza khadi lina. Linali la galu.

Apa m'pamene mayiyu analephera kudzigwira. "Mwana iwe, ukuwadziwa amene ukuwaonetsa galuyo? Munthu waima pamaso pa oweruza iwe usanabadwe, lero uziwafunsa za kumkaka? Wasowa wosewera naye?"

"Sindikuwanyoza, mayi," anayankha mofatsa. "Ntchito imeneyi ndinakaiphunzira kuyunivesite, ndipo panopa ndikuchita kafukufuku wa anthu odziwa ziyankhulo zingapo ngati bambowa, kuti tidziwe mmene mawu amabwererera. Timayambira pa kapu chifukwa ndi mawu amene adzawafune mawa m'mawa. Za kukhoti tidzafikako, ubongo ukalola."

Mayiyu analandira envelopu ya makadi ndi zala ziwiri, n'kutembenuza chikuku cha bambo mwamphamvu. Bambo anapotoza khosi kuyang'ana kumbuyo mpaka chitseko chinatsekeka, koma woyendetsa chikukuyo maso anali kutsogolo.

Kunyumba kunabwera alamu ake, akulu awo a bambo, munthu amene sanasowepo yankho pa nkhani iliyonse, ngakhale imene waimva kumene. Anaima pafupi ndi bedi, manja kumbuyo, n'kupukusa mutu.

"Mulamu, tisanamizane, mutu wa mng'ono wangayu wapita. Wabwerera ku umwana. Za makadizo n'zongomuzunza. Muzimusambitsa, muzimudyetsa, basi. Komanso anthu asamamuone chonchi. Amukumbukire mmene analili."

Ankalankhula mokweza ngati pabedipo pali mtolo wa zovala. Mayiyu mawuwo anamupweteka, koma mbali ina anamupepukitsa mtima, chifukwa anamupatsa chifukwa chosabwererera kwa mtsikana wa makadi uja. Envelopu ija anaiponya m'dirowa ya makina osokera, pansi pa zidutswa za nsalu.

Kuyambira pamenepo, womasulira anapeza womumasulira. Akabwera anzawo a kuntchito kudzazonda, mayiyu ankawaimika pakhomo la chipinda mphindi ziwiri zokha. Bambo akati "ta-ta," iye ankalumphira pomwepo. "Akuti ali bwino." Akakweza dzanja lamanzere, "Akuti zikomo pobwera." Akaloza pashelefu ya mabuku, "Akuti tiwatsekere zenera, kukuzizira." Sankanama mwadala, ayi. Ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti mkazi amene wagona chipinda chimodzi ndi munthu zaka zonsezo safunika kufunsa. Komanso bata lija, pamene amuna ake akulimbana ndi liwu limodzi alendo akuyang'ana, linkamuchititsa manyazi osaneneka, choncho ankalitseka msanga ndi mawu ake.

Katswiri uja anaimba foni kawiri. Kachiwiriko mayiyu anayankha ataima pamutu pa bambo. "Akuti sakufuna zimenezo. Musativutitsenso."

Miyezi isanu ndi umodzi inadutsa. Ndiye kunabwera nkhani ya ukwati wa mzime wawo, mwana wamkazi amene bambo ankamukonda moti aliyense ankadziwa. Banja linakumana pabalaza, bambo ali pachikuku pakona, bulangeti pamiyendo.

"Ine ndikufuna adadi adzandiperekeze okha," anatero mtsikanayo. "Ngakhale pachikuku, ndidzawakankha ndine."

"Ukufuna kuchititsa bambo ako manyazi?" anatero alamu. "Anthu mazana atatu, makamera ali ng'ani ng'ani, iye dovu lili chuu? Nanga akapatsidwa mpata wolankhula, adzati chiyani kwa apongozi? Ndidzaimira ine. Iye sadziwa n'komwe kuti kuli ukwati."

Bambo anamenya chogwirira cha chikuku ndi dzanja lamanzere. Anamenyanso. "Ta-ta-ta! Ta!" Misozi inatsika tsaya limodzi.

"Mwaonatu," anatero mayiyu, akuwapukuta. "Akuti asapite. Phokoso limawadwalitsa mutu."

"Amayi, mwatsimikiza kuti ndi zimene akunena?"

"Ndakhala nawo zaka makumi atatu ndi ziwiri. Ndiwe ungandiphunzitse bambo ako?"

Diresi laukwati anasoka mayiyu ndi manja ake, ndipo linali lokongola moti anthu analikamba mwezi wathunthu. Tsikulo bambo anatsala ndi mayi woyandikana nawo nyumba. Magalimoto atanyamuka malipenga akulira, mayiyu anacheuka n'kuona nkhope ya amuna ake pazenera la kuchipinda. Anadziuza kuti akutsanzika, n'kukonza duku lake.

Chibwerere ku ukwatiko, "ta-ta" uja sanamvekenso. Bambo ankagona atayang'ana kukhoma. Supuni ikafika pakamwa ankaluma mano. Mayiyu anayesa kunyengerera, anayesa kukalipa, anayesa kulira, osaphula kanthu. Pa milungu itatu munthu anatha, mawondo kukula kuposa ntchafu. Apa mantha anamugwira zenizeni, anaona kuti amuna ake akupita iye akuyang'ana.

Kuchipatala adokotala anapima zonse koma sanapeze nthenda yatsopano. "Thupi silinasinthe," anatero. "Koma munthu sasiya kudya popanda chifukwa. Pitani nawo kwa katswiri wa zolankhula uja akawafunse." Mayiyu anakankha chikuku m'khonde lomwe lija, akukonzekera kunyozedwa.

Katswiriyo sananyoze. Anapereka moni kwa bambo poyamba, kenako kwa mayi. "Ndikupempheni chinthu chimodzi, mayi. Khalani pampando uwo, kumbuyo kwawo. Chilichonse chimene chichitike, musalankhule mpaka nditakufunsani."

Anaika makadi awiri patebulo, lobiriwira lolembedwa kuti Inde, lofiira lolembedwa kuti Ayi, n'kuwaonetsa bambo tanthauzo la lililonse. "Ndiyamba ndi mafunso opusa, bambo, mundikhululukire. Ndikufuna ndione ngati tikumvana. Kodi ndinu mzimayi?"

Panali zii. Mayiyu anamva wotchi yapakhoma, anamva machira akudutsa panja, anamva lilime lake likuyabwa. Kenako dzanja lamanzere linanyamuka pang'onopang'ono, chala n'kugwera pa khadi lofiira.

"Munkagwira ntchito kubanki?" Lofiira. "Kukhoti?" Lobiriwira. "Muli ndi ana asanu?" Lofiira. "Atatu?" Lobiriwira. Mafunso khumi, ndipo sanaphonye ngakhale limodzi.

"Tsopano za chakudya. Mukamameza pakhosi pamawawa?" Lofiira. "Pali pena pamene pakupweteka m'thupi?" Lofiira. "Mukukana kudya mwadala?" Chala chinazengereza, kenako chinagwera pa lobiriwira. "Pali chimene chakuwawani mumtima?" Lobiriwira.

Katswiriyo anakweza maso. "Mayi, kunyumba kwachitika chiyani posachedwapa?"

"Palibe. Ukwati wa mwana basi. Koma anasankha okha kutsala."

"Tiwafunse. Bambo, munkafuna kupita ku ukwati wa mwana wanu?"

Ulendo uno dzanja silinazengereze. Linamenya khadi lobiriwira katatu, mpaka ubongo wapulasitiki uja unagubuduka patebulo. Mapewa a bambo anayamba kugwedezeka, kulira kopanda mawu.

Mayiyu anagwira pakamwa. Kenako anafunsa katswiriyo, "Mwana wanga, adzalankhulanso?"

"Sindikunamizani, mayi. Miyezi imene ubongo umachira mofulumira yatidutsa. Sikuti zatheratu, anthu amapezabe mawu ngakhale patapita zaka, ndipo pali njira zina monga zithunzi, manja ndi kulemba. Koma pamene tikanafika tikanayamba nthawi ija, mwina sitidzafikapo. Chifukwa chimene ena amachirira kwambiri ena pang'ono, tikuchifufuzabe, ndipo ofufuzafe ndife ochepa. M'chipatala chonse chino ndilipo ndekha. Chimene ndikudziwa n'chakuti munthu amene sakumvedwa amasiya kuyesa. Akafuna okha, tiyamba Lolemba."

"Ndingawafunse nanenso?"

"Bwerani kutsogolo kwawo. Funso limodzi, kenako mudikire."

Mayiyu anagwada pasimenti kutsogolo kwa chikuku, osasamala za diresi. Aka kanali koyamba m'miyezi isanu ndi iwiri kuwayang'ana amuna ake m'maso akuyembekezera yankho.

"Bambo a kunyumba, zija ankanena alamu, zoti mutu wapita, munkamva?"

Lobiriwira.

"Ndi zija ndinkauza alendo, zoti akuti, akuti... sizinali zanu?"

Katswiriyo anamunong'oneza kuti funsolo ndi lopiringizika, alifunse mophweka. Mayiyu anafunsanso. "Ndinkanena zimene inu mumafuna kunena?"

Lofiira.

Mayiyu anasendera pafupi. Anagwira bondo lawo loonda lija. "Mundikhululukira?"

Dzanja linanyamuka. Linafika pakati pa makadi awiriwo n'kuima m'malere. Yankho linali kale pa lilime la mayiyu, lokonzeka kutuluka monga mwa masiku onse, koma analuma mlomo mpaka kulawa magazi. Anadikira. Katswiriyo anadikira. Bambo anamuyang'ana mkazi wawo nthawi yaitali, ndi maso a munthu wanzeru zake zonse. Kenako dzanja linabwerera pa bulangeti osakhudza khadi lililonse, ndipo m'chipindamo munalibe woti amumasulire.

Phunziro: Munthu amene wasiya kulankhula chifukwa cha sitiroko kapena kuvulala m'mutu nthawi zambiri nzeru zake zimakhalapo, ndipo amamva zimene tikunena pamaso pake. Tisamuyankhire, tisamubise, tisamusankhire zochita. Timufunse mafunso afupiafupi, timupatse nthawi, ndipo tipite naye msanga kwa akatswiri a zolankhula, ngakhale zoyambira zake zioneke ngati za ana. Achinyamata okonda sayansi aganizirenso ntchito imeneyi ndi kafukufuku wa ubongo, chifukwa odikira kufunsidwa ndi ambiri, odziwa kufunsa ndi ochepa.