Khadi Lopinda Kanayi

Pashelefu panatsala fumbi lokha, lojambula malo amene makatoni asanu ndi awiri ankakhala.

"Makadi a bambo ali kuti, achimwene?" anafunsa telala.

Mlongo wake wamkuluyo anali kalikiliki kuyeza khoma ndi tepi. Bambo awo, mphunzitsi wopuma pantchito, anali atagona m'manda masiku anayi okha.

"Anapita ndi galimoto ya zinyalala dzulo, iwe uli kutchalitchi. Muno mukhala shopu. Mapepala sadyedwa."

"Si inu munawagwira bambo dzanja kuchipatala? Munati makadiwo mudzawasunga ngati kamwana ka m'diso."

"Munthu akutsirizika, umafuna ndiwauze chiyani?"

Kwa zaka makumi atatu bambo ankasaka m'Malemba mawu opezeka kamodzi kokha, aliwonse pakhadi lake. Manja atayamba kunjenjemera, telalayu ndiye ankawalembera, iwo akung'ung'udza nyimbo zakwaya. Ankati Angerezi amatcha mawu otere hapax legomenon, dzina lobwereka kwa Agiriki, kutanthauza chonenedwa kamodzi. "Amenewa ndi ana amasiye, mwanawe," ankatero. "Alibe m'bale wowachitira umboni. Ukawataya, adzawatola ndani?"

"Mawu awowo ankawakonda kuposa ife," anatero mkuluyo, akukulunga tepi. "Ine ndinakula ndikuona msana wawo basi. Tulutsa makina akowo, amisiri akubwera mawa."

Telala sanalire. Anangoti mumtima, Ambuye, mdani akanachita izi ndikanapirira. Atakoka tebulo la makina osokera, linagwedera, ndipo pansi pa mwendo wake waufupi panatuluka kapepala kopinda kanayi, kophwatalala.

Anakatambasula. Pakona panali nambala wani. Linali khadi loyamba lija, lofotokoza dzina lachigiriki, lolembedwa iye asanabadwe, limene bambo sankalola munthu kulikhudza ndi manja osasamba.

Anakumbukira. Chaka chatha anadandaula kamodzi kokha, akudziyankhulira, kuti tebulo likumukhotetsera msoko. M'mawa mwake linaima bwinobwino. Sabata yomweyo khadi loyamba linasowa, iye nalifunafuna nyumba yonse mpaka thukuta. Bambo anangomwetulira. "Lisiye, mwanawe. Lili pantchito."

"Ndiye chiyaninso chimenecho?" anafunsa mkuluyo ali pakhomo.

Telala analipindanso kanayi, motsata mizere yakale. Anagwada, nalibwezera pansi pa mwendo uja. Tebulo linaima nji. Kenako anakoka mpando, nakhala, nayamba kulowetsa ulusi pasingano.